Kujambula munthu ndi foni, phiri la Zomba lili kumbuyo, nkhope osada

Chithunzi chimene chimakanika anthu ambiri kuno ku Zomba ndi chimodzi chomwechi: munthu waima kutsogolo, phiri lili kumbuyo kwake, dzuwa lili paliwombo. Mukadina, phiri latuluka bwino, mitambo yatuluka bwino, koma mwini chithunzi wada bii, kwangotsala mano ndi kolala ya shati. Zimachitika pa graduweshoni ku Chanco, pa chinkhoswe ku Matawale, pa ulendo wa kwaya ku damu la Mulunguzi. Mlandu umagwera foni, ena mpaka kukongola ndalama kuti agule ina.

Musathamangire kugula. Kamera ya foni imayeza kuwala kwa zonse zimene zili pa sikirini n'kutenga pakatikati. Kumbuyo kukawala kwambiri, imachepetsa kuwala paliponse kuti thambo lisapse, ndipo choyamba kumira ndi khungu lakuda. Ntchito zenizeni ndi ziwiri, ndipo zonse zimachitika musanadine: kusuntha munthu, ndi kuiuza foni kuti chofunika ndi nkhope.

Zofunika kukhala nazo

- Foni imene muli nayoyo, kaya Itel, Tecno kapena Samsung, batire yodzaza, malo osungira zithunzi alipo.
- Kansalu kofewa, konga kopukutira magalasi a m'maso. Kakasowa, m'mphepete mwa malaya a thonje mumakwanira.
- Chinthu choyera chachikulu: pepala la tchati limene aphunzitsi amalembapo, kapena nsalu yoyera ya patebulo.
- Munthu mmodzi wokugwirirani pepalalo. Mwana wa Sitandade 5 amatha.
- Mpango wouma wopukutira thukuta.
- Pawabanki ndi jumbo yotetezera foni ku mvula, ngati mukukwera phiri.

Musanachoke panyumba

1. Pukutani lenzi, kagalasi ka kamera kaja. Foni imakhala m'thumba, imagwidwa ndi manja odzola mafuta, ena amaigwira akudya chipisi. Mafuta amenewo akakhala pa lenzi, chithunzi chimatuluka mbuu ndipo magetsi onse amaoneka otambasuka. Pukutani mozunguliza, mopepuka. Chenjezo: osapukuta ndi chala, mukungowonjezera mafuta. Osapukutanso ndi nsalu imene ili ndi mchenga, lenzi ikakandika yakandika.

2. Lowani mu Settings ya kamera mukonze zinthu izi kamodzi kokha. Kukula kwa chithunzi kukhale 4:3, chifukwa mafoni ambiri akakhala pa Full amadula m'mbali kuti chithunzi chidzaze sikirini. Yatsani Grid kuti mizere ioneke. HDR ikhale pa Auto kapena yoyaka, imathandiza pamene kumbuyo kukuwala kuposa nkhope. Flash izime. Zimitsaninso Beauty, imene mafoni ena amaitcha AI Beauty kapena Face Beauty. Iyi ndiye imayeretsa anthu ndi kuwasalalitsa mpaka agogo a zaka 80 kusowa khwinya ngakhale limodzi. Kwa ine chithunzi choterocho chatha ntchito, chifukwa adzukulu adzafuna kuona agogo awo, osati mlendo. Ngati foni yanu imalemba dzina lake pakona pa chithunzi chilichonse, zimitsani Watermark.

Nthawi ndi malo

3. Sankhani nthawi, ngati mwambo ukulola. Kuno dzuwa limafika paliwombo cha m'ma 11:30, 12 koloko isanakwane, ndipo kuyambira 10 koloko mpaka cha m'ma 2 ndiyo nthawi yoipitsitsa yojambula nkhope. Mthunzi wa chipumi umagwera m'maso, wa mphuno umagwera pamlomo. Kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale dzuwa limadutsa pamutu penipeni, ndiye vutoli limanyanya. Kuwala kokoma ndi kwa ola loyamba dzuwa likatuluka ndi ola lomaliza lisanalowe. Mu Juni limatuluka cha m'ma 6 koloko n'kulowa 5 koloko itangopitirira pang'ono, mu Novembala 5 koloko m'mawa limakhala likutuluka kale. Chenjezo: amene mumakhala m'munsi mwenimweni mwa phiri musadalire nthawi ya pa foni, chifukwa mapiri amabisa dzuwa msanga. Yang'anirani pakhomo panu tsiku limodzi mudziwe nthawi imene mthunzi umafika.

4. Mwambo ukakhala wa masana, monga ilili miyambo yambiri, lowetsani munthu mumthunzi. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo mithunzi si yofanana.

Mthunzi wabwino kuposa yonse ndi wa khonde. Muimikeni munthu mkati pang'ono, phazi limodzi kuchoka pamene dzuwa lalekezera, nkhope italoza panja. Inu muime panja, msana wanu uloze kubwalo. Denga limatchinga kuwala kochokera kumwamba, ndipo kuwala kwa pabwalo kumalowa cham'mbali n'kudzaza nkhope yonse mofanana. Mukayang'anitsitsa m'maso mwake muona timadontho tiwiri towala. Mukationa, mwapeza malo. Makonde a nyumba zakale za boma amene ali mbweee mtauni muno, kuyambira nthawi imene Zomba inali likulu la dziko chisanafike chaka cha 1975, ndi abwino kwambiri pa ntchito imeneyi. Chimodzimodzi khonde la tchalitchi, la mzikiti, la sukulu, ngakhale pakhomo pa golosale.

Mthunzi wa mtengo ndi wonyenga. Pansi pa mango a masamba othithikana ndi bwino. Koma pansi pa jakaranda kapena mtengo uliwonse wa masamba ang'onoang'ono, dzuwa limadontha, nkhope n'kukhala mawangamawanga, dontho loyera pamphuno, lina patsaya. Maso anu sazindikira msanga, kamera imazindikira. Mu Seputembala ndi Okutobala jakaranda akachita maluwa aliyense amafuna kujambulitsa pansi pake. Muimikeni munthu pamthunzi wina wathunthu, maluwawo aoneke kumbuyo. Ku Botanical Gardens samalaninso kapinga: dzuwa likamenya udzu wobiriwira, kuwala kobiriwira kumabwerera pachibwano ndi pakhosi. Pamenepo mpomwe pepala loyera lija limagwira ntchito, tifika.

Mthunzi woipa ndi wa lona wa buluu kapena wofiira, wonga amene amakhoma pa ukwati kapena pa benchi za mumsika. Khungu limatenga mtundu wa lonayo ndipo kukonza kwake n'kovuta. Mutulutseni munthu afike m'mphepete, nkhope iloze panja.

M'nyumba, zimitsani babu, tsegulani chitseko, munthu akhale pafupi nacho kuwala kukumufika cham'mbali. Chenjezo: osamuimika atafulatira zenera.

5. Tsopano phiri. Phiri la Zomba lili kumpoto kwa tauni, ndipo miyezi yambiri ya chaka, makamaka nyengo yozizira, dzuwa la masana limapendekera kumpoto komweko. Ndiye kuti aliyense amene wafulatira phiri wafulatiranso dzuwa, nkhope yake ili mumthunzi wa mutu wake womwe. N'chifukwa chake zithunzi za mu Juni ndi Julaye zimada kwambiri. Komatu zimenezi si zoipa. Munthu wofulatira dzuwa satsinzina, ndipo m'mphepete mwa tsitsi ndi mapewa mumawala bwino. Chofunika n'kuchepetsa thambo. Kwezani foni pang'ono kapena sunthani mpaka kumbuyo kwa mutu kukhale mitengo ya phiri, yobiriwira moderako, osati mitambo yoyera. Thambo likachepa pa sikirini, foni imasiya kudetsa nkhope. Dzuwa likamalowa mu lenzi, tchingani ndi dzanja pamwamba pa foni, koma onetsetsani kuti chala sichikuoneka pakona.

Kuimika munthu ndi kudina

6. Imani mamita 2 kuchoka pa munthu ngati mukufuna kuyambira m'chiuno kupita kumutu. Lenzi ya foni ndi yotambalala, ndiye mukaiyandikitsa kwambiri mphuno imakula, makutu n'kuthawira kumbuyo, ngati nkhope yoonera kuseri kwa supuni. Musakokenso sikirini ndi zala kuti munthu ayandikire. Pa mafoni ambiri otsika mtengo zumu imangodula chithunzi n'kuchifufumitsa, tsitsi ndi maluwa a chitenje n'kusanduka phala. Yendani ndi miyendo. Foni ikhale molingana ndi maso a munthuyo. Akakhala mwana, gwadani. Akakhala agogo ali pamphasa, khalani pansi nanunso, ndi ulemu komanso chithunzi chimakoma.

7. Musanayang'ane nkhope, yang'anani kumbuyo ndi m'makona onse anayi. Polo ya magetsi isamere pamutu. Chingwe choyanikapo zovala chisadule khosi. Chidebe, bafa, njinga ya kabaza imene yaima kumbuyo, zonsezi zimachoka mukangosuntha phazi limodzi kumanzere kapena kumanja. Mizere ya Grid ija igwiritseni ntchito ziwiri: maso a munthu akhale pamzere wam'mwamba, ndipo ngati kumbuyo kuli madzi a damu kapena nyanja ya Chilwa, mzere wa madziwo ugone molingana ndi mzere wa pa sikirini. Osadula munthu m'mawondo, m'zigongono kapena m'akakolo. Mukafuna thupi lonse, nsapato zilowe zonse, pansi pake patsale kadanga.

8. Dinani pankhope pa sikirini. Ambiri sachita zimenezi, amangoloza n'kujambula. Mukadina pamatuluka kabokosi kapena kamkombero, ndipo pambali pake kachizindikiro ka dzuwa. Kakokereni m'mwamba pang'onopang'ono uku mukuyang'ana tsaya. Lekani pamene khungu likuoneka momwe lilili ndi maso anu. Musapitirire. Cholinga si kuyeretsa munthu, ndi kuti maso, nsidze ndi milomo zioneke. Thambo likayera mbee chifukwa cha zimenezi, lisiyeni liyere, palibe amene adzasunge chithunzicho chifukwa cha mtambo. Pa mafoni ambiri mukadina n'kugwiritsa kwa masekondi awiri, kamera imatseka muyezo umenewo ndipo susintha ngakhale wina adutse kutsogolo. Chenjezo: mukasintha malo, dinaninso mwatsopano.

Zovala zimasokonezanso muyezo. Gauni lakuda la graduweshoni likadzaza sikirini, foni imawalitsa mopitirira, chipumi n'kupsa. Diresi yoyera ya mkwatibwi kapena yunifolomu yoyera ya amayi a mvano imachita zosiyana, imadetsa nkhope. Mankhwala ake ndi omwewo: dinani pankhope, konzani ndi kadzuwa kaja.

9. Bwezerani kuwala kunkhope. Wothandiza uja agwire pepala loyera cha m'chiuno mwa wojambulidwa, kunja kwa chithunzi, alipendeketse mpaka muone mthunzi wa pansi pa chibwano ukupepuka. Likhale pafupi, osapitirira mita imodzi. Izi zimathandiza kwambiri munthu wovala chisoti cha graduweshoni, chipewa kapena duku yotsikira pachipumi. Mungathenso kupempha mwaulemu: "Achimwene, takwezaniko chisoticho pang'ono, maso akubisika." Pepala likasowa, muimikeni moyang'anana ndi khoma lopaka laimu limene dzuwa likumenya. Thukuta la mu Okutobala limanyezimira n'kusanduka zigamba zoyera pachipumi ndi pamphuno, ndiye mupatseni mpango aligusule, osati kukhula.

10. Gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zitsamire m'nthiti, mujambule ndi batani la voliyumu m'malo momenya sikirini. Jambulani kanayi kapena kasanu motsatizana. Musawerenge kuti wanu, thuu, firii, chifukwa anthu amauma ndi kutong'ola maso. Ayankhulitseni. Afunseni agogo kuti chimanga chatuluka bwanji chaka chino, afunseni amalume za timu yawo imene yagonja, ndipo dinani akuyankha. Nthawi zambiri chithunzi chabwino chimakhala chija mwajambula iwo akuganiza kuti mwamaliza.

11. Gulu lili ndi malamulo ake ochepa. Onse akhale m'kuwala kumodzi, osati theka padzuwa theka mumthunzi. Akuluakulu akhale pamipando kutsogolo, ana pansi, achinyamata aime kumbuyo. Uzani onse kuti amene sakuona foni, foninso sikumuona. Musaike munthu kumapeto kwenikweni kwa sikirini, chifukwa lenzi imamutambasula, azakhali n'kudzakufunsani kuti ananenepa liti chonchi. Pa graduweshoni pamakhala mafoni asanu akujambula nthawi imodzi, aliyense akuyang'ana kwake. Gwirizanani, mmodzi ajambule, enawo adzalandire.

Mukakwera pamwamba pa phiri

Pamwamba pamazizira ndipo nyengo imasintha mosachenjeza, nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000. Ku malo oonerapo chigwa a Emperor's View, kumene kunatchedwa dzinali chifukwa cha ulendo wa Haile Selassie wa ku Ethiopia, ndi ku Queen's View, mumayang'ana cha kum'mawa ndi kumwera, kumene kuli nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Mukapita m'mamawa dzuwa limakhala kutsogolo kwa lenzi, chigwa chonse n'kuyera. Pitani madzulo, dzuwa lili kumbuyo kwanu. Ku Chingwe's Hole n'kosiyana: kuli mbali ya kumadzulo moyang'ana chigwa cha Shire, ndiye kumakoma m'mawa. Chenjezo lenileni: kumalo onsewa kuli maphompho. Osamuuza munthu kuti abwerere m'mbuyo inu maso ali pa sikirini.

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimaphimba chigwa, Mulanje osaoneka n'komwe, ndipo palibe batani lochotsa utsi. Miyezi imeneyo iwalani zakutali, jambulani munthu ndi mitengo ya paini kapena madengu a zipatso amene amagulitsa m'njira ya ku hotela ya Ku Chawe. Kumayera bwino mvula ikangokata, komanso mu Epulo ndi Meyi. Tsiku la chiperoni anthu amabweza foni m'thumba, pamene ndilo tsiku labwino la nkhope: nkhungu imafewetsa kuwala, mthunzi wa m'maso kulibe. Ingopukutani lenzi pafupipafupi.

Ku Williams Falls kuli mdima wa mitengo ndipo madzi ndi oyera, zinthu ziwiri zimene zimasokoneza foni nthawi imodzi. Tsamiritsani foni pamwala wouma, ikani Timer ya masekondi 3 kuti isagwedezeke, dinani pankhope. Miyala yonyowa ndi yoterera.

Anthu osawadziwa ndi malo oletsedwa

Mumsika waukulu wa mtauni, pa Thondwe tsiku la msika, kapena padoko la Kachulu, pemphani kaye. "Mayi, pepani, ndingakujambuleniko pamodzi ndi tomato wanuyu?" Akakana, thokozani muzipita. Akalola, aonetseni chithunzicho, ndipo ngati mukufuna kuchiika pa Facebook nenani pomwepo. Kugulako mulu umodzi kumafewetsa nkhani. Ana a eni osawajambula popanda kholo.

Ku Cobbe Barracks, ku State House ndi kundende ya Zomba musaloze foni. Chipilala chokumbukira asilikali a nthawi ya atsamunda a King's African Rifles (KAR) chili pafupi ndi malo a asilikali, ndiye funsani kaye amene ali pamenepo musanajambule.

Mukafika kunyumba

12. Sankhani tsiku lomwelo. Pa zisanu zofanana zija, kulitsani chilichonse muone maso. Sungani chimene maso ali akuthwa, zinazo fufutani.

13. Konzani pang'ono. Mu Edit ya foni, kapena mu pulogalamu ya Snapseed imene ndi yaulere, kwezani Shadows mpaka nkhope itseguke, tsitsani Highlights kuti shati yoyera ibwerere, wongolani ngati chapendekeka. Basi. Saturation, imene imakoleza mitundu, musaikhudze kwambiri, imafiiritsa khungu psuu.

14. Potumiza pa WhatsApp, dziwani kuti imafinya chithunzi kuti chisadye bandulo. Cha kungoonera pa foni palibe vuto, mungadinenso HD imene inabwera mu 2023. Koma chimene mukufuna kukatsukitsa ku studio chitumizeni ngati Document, kapena chisamutseni ndi chingwe, kuti chifike chathunthu.

15. Potsukitsa, pepala lodziwika lija ndi la masentimita 10 kwa 15, ndipo ndi lalitali kuposa chithunzi cha 4:3. Makina amadulako m'mbali kuti chikwane. Ngati munadzaza sikirini mpaka m'mphepete, phewa la wina kapena mutu wa amene anaima kumbuyo udzapita. Dulani nokha pa 3:2 musanapereke, muone chimene chikutayika.

Dzanja limazolowera ndi kubwereza. Loweruka lina mupempheni munthu wa pakhomo panu aime pamalo amodzi 7 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 4:30 madzulo, kenako pakhonde masana omwewo. Mujambuleni nthawi zonsezi, muike zithunzi zinayizo pamodzi muziyerekeze.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kuuza anthu kuti ayang'ane dzuwa kuti nkhope iwale. Imawaladi, koma onse atsinzina ndipo misozi ikulengeza. Dzuwa likhale kumbuyo kwawo kapena cham'mbali.

Kudalira flash usiku pa phwando. Kuwala kwake sikufika patali, mamita 2 kapena 3 basi. Wapafupi amayera mbuu, wakumbuyo osaoneka. Magetsi akazima, wina ayatse tochi ya foni ina ailoze pakhoma loyera kapena papepala lija, kuwala kubwerere kunkhope.

Kujambula ndi kamera yakutsogolo pamene pali munthu woti akujambuleni. Pa mafoni ambiri yakumbuyo ndiyo yamphamvu.

Kugwiritsa Portrait paliponse. Imasokoneza kumbuyo mwadala, ndiye phiri limene munakwerera lija limasanduka chifunga, ndipo kawirikawiri imadya m'mphepete mwa tsitsi loluka ndi ngayaye ya chisoti cha graduweshoni. Pa gulu izimitseni.

Kumuika munthu kutali kuti nyumba yonse ya Great Hall ya ku Chanco ilowe. Nyumba imalowadi, koma mwana wanu amene wavutikira digiri zaka zinayi amatsala kadontho. Mubweretseni pafupi ndi inu, nyumbayo ikhale patali kumbuyo, zonse zikwana.

Kujambula sikirini m'malo mosunga chithunzi chenicheni, kenako n'kutumiza chimenecho. Pofika kwa munthu wachitatu chimakhala chitatha.

Kusunga zonse m'foni mokha. Foni imabedwa m'minibasi, imagwera m'madzi, memori khadi imafa. Mukapeza Wi-Fi kapena bandulo ya usiku, kwezani zofunika ku Google Photos, ndipo za ukwati, za graduweshoni ndi za agogo mukatsukitse zingapo pa pepala.